Fupa Losochera

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikusolola minga
m'fakitale ya nsomba zam'chitini kuno ku Chimbote.
Zala zanga zimadziwa pobisala fupa
ngakhale magetsi atathima.
Koma ili sindinalione.

Analiona ndi Yuriana mwini wake,
akudziyang'anira kumsana kwa supuni,
atakoka chikope ndi chala cha inki.
Amayi, m'diso mwanga muli mpunga.
Ndinasuzumira. Pamwamba, chakumbali ya khutu,
panali kanthu koyera, kolimba,
kosayabwa, kosapweteka,
kongokhala phee ngati mlendo wofika eni nyumba atagona.

Liwu lija lomwe linatenga mkulu wanga Otilia
sindinalitchule.
Ndinagona nalo m'kamwa ngati mwala,
ndikumvera agalu ndi injini za mabwato mpaka mbandakucha.

Basi yopita ku Trujillo imadutsa m'chipululu maola awiri.
Mwana ankawerenga miimba pa mapolo a magetsi,
diso limodzi atatsinzina, kenako linalo,
kuyesa ngati onse akugwirabe ntchito.
Onse ankaona. Miimba makumi atatu ndi umodzi.

Dokotala Huamanchumo, mayi wa zikhadabo zazifupi,
anayang'ana nthawi yaitali, nyali ili pamphumi,
natitumiza kukajambulitsa,
nayang'ananso.
Likuoneka ngati fupa, anatero.
Ndinaseka, chiseko chonyansa, cha munthu wosagona.
Fupa m'diso? Mwina mundiuzanso kuti muli tsitsi m'chiwindi.
Iye sanakwiye.
Anabadwa nalo. Ndi fupa labwinobwino,
langomanga nyumba pamalo a eni.
Siliyenda, silidya anzake. Si chimene mukuopacho.
Zaka zanga zonse pano, ili ndi lachiwiri.

Kenako anaitana ophunzira asanu ndi mmodzi
kuti adzaone chosowachi,
ndipo mtima wanga unatentha:
mwana wanga si nsomba ya mitu iwiri yoonetsa padoko.
Koma Yuriana anatukula chikope yekha,
monyadira, ngati akutsegula chitseko cha nyumba yatsopano.

Funso langa ndinalifunsa pakhomo, motsitsa mawu.
Ndinaima pamzere wa nsomba mpaka mwezi wachisanu ndi chitatu,
mimba itagunda tebulo, minga ili mbwee.
Kodi ndine?
Ayi, mayi. Palibe chimene munachita.
Ndinamva. Komabe ndinafunsanso namwino.

Tikanatha kulisiya, anatero, koma layamba kukhula chikope.
Opaleshoni inatenga mphindi makumi anayi.
Ndinawerenga matailosi a m'khonde, ndinasokoneza, ndinayambiranso.
Analitulutsa m'kabotolo ka madzi,
kanthu kochepa kuposa nsawawa,
kosalala mbali imodzi ngati dzino la mkaka.
Kuntchito ndimataya zikwi zoposa pamenepo nthawi ya chakudya isanakwane.

Atatsitsimuka, bandeji ili kumaso, anafunsa:
Mbewa ija imalipira mano,
nanga fupa la m'diso imagula zingati?
Ndinati a labotale alitenga, akalicheka mopyapyala
kuti atsimikize dzina lake.
Analira. Osati chifukwa cha ulusi wa m'diso, ayi.
Linali langa, anatero. Sanandipemphe.

Usiku ndinaika ndalama ziwiri zachitsulo pansi pa pilo,
kulipira katundu amene mbewa sinalandire.

Pepala linabwera patatha masabata atatu.
Mizere inayi. Fupa lokhwima, lopanda vuto.
Ndalisunga m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi khadi la katemera.

Lolemba ndinabwerera pamzere.
Mpeni, mutu, mimba, msana, thireyi.
Cha m'ma leveni chala changa chinagunda munga
pamalo pomwe munga sukhala, pafupi ndi mchira, chopingasa.
Ndinaukweza ku nyali.
Kapitawo Eleuterio anakuwa kuti lamba sadikira munthu.
Nsomba zisanu zinandidutsa.